Chiliza cha Anasibeko

Tsiku limene anapita kukasonyeza mmisiri manda a amayi ake, Agnes anatsogola ngati munthu wopita kumunda kwake. Pambuyo pake panali achimwene ake a Ackim, aphunzitsi opuma pantchito a pa Neno boma, kenaka mmisiri ndi tepi yake yoyezera m'thumba, ndipo kumapeto kwenikweni a Kalisto, mkulu wa adzukulu okumba manda m'mudzimo, amene amfumu anawatuma kuti awaperekeze poti kumanda salowako ngati kumsika. Panjira a Ackim anamufunsa Agnes ngati malowo akuwakumbukira bwinobwino, iye n'kuseka. Munthu angaiwale pamene pagona mayi wake? Anawauza kuti ngakhale atam'manga nsalu kumaso akhoza kukafikapo.

Zaka zisanu zinali zitadutsa chiwaikireni Anasibeko. Chiliza chinayenera kumangidwa chaka choyamba chomwecho mvula itangokata, koma chaka chimenecho kunali njala, chotsatira mwana wa a Ackim ankakwatira, zinazo panalibe n'chifukwa chomwe. Zengerezu analinda kwawukwawu. Tsopano zonse zinali m'malo mwake. Matumba a simenti anali m'nyumba, mwala wolembedwa dzina unali utabwera kuchokera ku Blantyre, abusa anali atauzidwa tsiku, ndipo mbumba yonse inali itasoketsa nsalu yofanana yokhala ndi nkhope ya malemu. Chotsala chinali kungoloza ndi chala kuti mangani apa.

Atalowa m'nkhalango ya mandayo anayamba kudutsa mbali ya kwawo, ndipo imeneyi ngakhale mlendo akanaizindikira. Mtumbira uliwonse unali wozunguliridwa ndi miyala yoyera ya kumtsinje. Udzu unamera, moto unadutsa, koma miyala inali pomwepo. Imeneyi inali ntchito ya Anasibeko. Anabereka ana asanu ndi anayi, asanu ndi awiri n'kuwaika ndi manja awo, osawerengera amuna awo ndi zidzukulu zitatu, ndipo aliyense wa amenewa anamusenzera miyala pamutu, umodziumodzi, chitunda chonse chija.

Zaka zawo zenizeni palibe ankazidziwa, ndi eni ake omwe. Ankangoti anabadwa chaka cha dzombe, ndipo njala ya fote naini inawapeza ali ndi mwana woyamba kumsana. Mwanayo ndi amene anayamba mzere wa mitumbira uja. Anali mayi wamfupi, wochepa thupi, woti ukawaona patali ndi dengu la manachesi pamutu unkayesa dengulo likuyenda lokha. Amuna awo anapita ku Wenela, ku migodi ya ku Joni, n'kubwerako ndi bulangete, wailesi ndi chifuwa. Bulangete linang'ambika, wailesi inafa, chifuwa ndiye chinawatenga. Anasibeko sanakwatiwenso. Ankati mwamuna wina adzadya chiyani pakhomo poti pali kale pakamwa pambirimbiri poyembekeza. Analima, anatsika ndi madengu kupita ku Lisungwi mame asanakamuke, n'kumakwera madzulo mawondo akunjenjemera, mpaka a Ackim anagwira choko ndipo Agnes, mzime, anafika fomu thu.

Kenaka kunabwera matenda aja amene anthu masiku amenewo sankawatchula dzina. M'zaka zisanu ndi chimodzi anatenga ana awo anayi akuluakulu, oti anali atayamba kale kuwagulira shuga ndi sopo. Aliyense ankabwera kumudzi atatheratu, ndipo Anasibeko ankamusambitsa, kumutembenuza, kumuchapira nsanza kumtsinje anthu akuwalambalala, mpaka tsiku lomutseka maso. Zidzukulu khumi ndi zitatu zinatsala m'manja mwawo. Dzuwa likamalowa ankaziwerenga ngati nkhuku polowa m'khola, ndipo wosowa ankamulondola ndi kamtengo m'manja, m'kamwa muli moto. Lilime linali lakuthwa, zimenezo tisabise. Anakalipirapo abusa pa nkhani ya mlaliki woledzera, anakalipirapo ndi namwino amene anamuyankha mwano mdzukulu wawo. Koma mwana amene wamukalipira m'mawa ndi yemwe ankamusungira mbatata yootcha masana.

Malo awo ogona anali atawasankha kalekale, pafupi ndi mwana woyamba uja. Koma maliro akagwa, adzukulu akabwera kudzafunsa pokumba, ankayankha kuti muikeni pamalo panga paja, ine ndidzasendera. Anasendera, n'kusenderabe, mpaka mbali ya kwawo inadzaza kufika m'njira. Choncho atamwalira eni ake, mwezi wa February mvula ili pakati, anakawaika kumbali yatsopano, kumapeto kwa manda, pakati pa anthu a mabanja ena, pansi pa mtengo waukulu wa mombo. Mtengo umenewu ndi umene Agnes ankaudalira.

Mtengowo kunalibe. Kumbali yatsopano kunalibe mtengo ngakhale umodzi, kunali zitsa zokhazokha, zakuda ndi moto, ndi dzuwa likuwomba pansi ngati pabwalo la mpira. Owotcha makala anali atamaliza mapiri onse, ndiye anafika kumanda. Pambuyo pawo panadutsa moto wa osaka mbewa, chaka ndi chaka, ndipo mitanda yamatabwa imene moto unaisiya chiswe chinamaliza. Mbale ndi makapu oboola amene anthu amasiya pamitumbira anali atatoledwa ndi ogula zitsulo zakutha. Mvula yamkuntho ya zaka zapitazi inakokolola dothi, moti mitumbira inangotsala timizere tosaoneka bwino, ngati munda wa mbatata wokumbidwa kale.

Agnes anaima. Anayenda kupita kumanja, n'kuimanso. Anabwerera pamene njira imalowera, n'kutsinzina kuti aone tsiku lija mmene linalili. Anaona maambulera, matope, misana ya azibambo itatchinga dzenje, amayi awiri amvano atamugwira m'khwapa uku ndi uku, chitenje chili kumaso. Anaona nthambi za mombo pamwamba zikudontha madzi. Pansi sanapaone. Tsiku limenelo anali kulira, ndipo munthu wolira sawerenga mapazi.

A Ackim atamufunsa kuti nanga mpati, Agnes anawabwezera funso lomwelo, popeza iwo tsiku lija anaima kutsogolo kwenikweni ndipo ndi amene anaponya dothi loyamba. A Ackim anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Anati iwo ankadziwa kuti pali mtengo.

Apa mantha anamugwira Agnes, ndipo pamodzi ndi mantha panabwera manyazi. Chaka chilichonse mwezi wa June amfumu amalengeza tsiku lolambula manda, mudzi wonse n'kulowa ndi makasu. Ali mwana ankapita nawo atanyamula ndowa ya madzi, ndipo amayi ake ankamuimika pa mtumbira uliwonse n'kumutchulira dzina: apa ndi mkulu wako wakuti, anafa ndi chikuku, apa ndi abambo ako, mutu uli uku. Ankamubwerezetsa mpaka aloweze, iye mtima uli kwa anzake osewera. Anasibeko sankadziwa kulemba ngakhale dzina lawo, koma m'manda monsemo munalibe mtumbira wosautchula mwini wake. Tsono June yemweyo ndi mwezi umene manachesi amapsa, ndipo pa Zalewa, pamene Agnes anakwatiwa n'kutsegula benchi yake m'mphepete mwa msewu, mabasi amaima motsatizana. Zaka zisanu zonsezi tsiku lolambula linkamupeza akuthamangira mawindo a basi. Ankatumiza shuga wothira m'thobwa la olambula n'kumadziuza kuti wachita mbali yake. A Ackim, oti pa boma ndi pamudzi mpongoyenda ndi njinga, ankatumiza moni.

Onse awiri anatembenukira kwa a Kalisto. Mkuluyu anali atakhala pachitsa, chipewa chili pabondo. Diso lawo limodzi linali litayera ndi ng'ala, linalo linkaona za pafupi zokha. Anayamba ndi kudandaula za mitengo, kuti kale munthu wodula ngakhale kanthambi kumanda ankalipa mbuzi, lero anyamata akulowa ndi nkhwangwa dzuwa likuswa mtengo. A Ackim anawadula pakamwa mwaulemu n'kuwabwezera ku funso. A Kalisto anati sabata imeneyo akuikumbukira, chifukwa anakumba manda awiri motsatizana m'matope. Loweruka anaika Anasibeko, Lachiwiri n'kuika Gabriel, moyandikana.

Gabriel ameneyu mudzi wonse unkamudziwa. Anali mbiyang'ambe wosakwatira, wamtali ngati nsungwi, amene anagonapo m'ngalande zonse za pakati pa mudzi ndi boma. Chaka china anaba tonde wa Anasibeko n'kukamusinthanitsa ndi kachasu, ndipo mayiwo anamulondola mpaka pamowa n'kumukwapula ndi mtibu pamaso pa anzake. Kuyambira pamenepo akawaona panjira ankalowa m'chimanga.

A Kalisto anadzuka n'kuyamba kufufuza ndi ndodo yawo. Zitsa zikuluzikulu za mombo zinalipo zitatu. Anazungulira choyamba, n'kupukusa mutu. Pachachiwiri anaima nthawi yaitali, kenaka anagogoda timitumbira tiwiri toyandikana. Anati ngati sakulakwitsa ndi awiriwa, koma kuti uyu ndi ndani, uyo ndi ndani, iwo sangalumbire, ndipo kumanda sanama.

Agnes anakumbukira kuti adzukulu asanakumbe amayeza bokosi ndi bango, dzenje n'kutsata bangolo. Amayi ake anali aafupi, Gabriel wamtali. Manda aafupi ndiwo a amayi. Mtima unakhala pansi pang'ono. Mmisiri anatulutsa tepi, anayeza uwu, anayeza uwo, n'kupeza kuti akungofanana. A Kalisto anatsokomola n'kukumbutsa a Ackim kuti bokosi la Anasibeko silinali la m'mudzi. Aphunzitsi anakaligula ku tauni, lalikulu, lonyezimira, la zogwirira zagolide, loti mayi wochepa uja anachita kumutsamiritsa ndi zitenje m'mbali kuti asamagubuduke panjira. Bango la Anasibeko linali lalitali ngati la mwamuna. A Ackim anayang'ana kumbali.

Anabwerera kumudzi. Atafika pakhonde la nyumba ya malemu, mmene tsopano munkakhala mdzukulu wina ndi banja lake, Agnes ananena zimene zinali kumtima kwake. Gabriel anasiya mlongo wake, Anachisale, mayi wamasiye wa kutsidya kwa mtsinje, amene sanaphonyepo tsiku lolambula. Iwowo ayenera kudziwa pamene pali m'bale wawo, ndipo akadziwa pamenepo adziwanso pali amayi.

"Ukuti ndipite ine," anatero a Ackim motsitsa mawu, "ndikagwade kwa mlongo wa Gabriel, ndikanene kuti amayi athu tawataya, tithandizeni kufuna? Mawa pamjigo nkhani idzakhala yotani?"

"Achimwene, nanga tikamangira munthu wina?"

"A Kalisto ndi amene anakumba. Akagona akumbukira."

A Ackim anapitiriza kufotokoza ngati ali m'kalasi. Tsiku latsala milungu itatu. Zidzukulu za ku Lilongwe ndi ku Joni zapempha kale tchuthi. Akwaya akuphunzira nyimbo. Anthu m'mudzi muno amawatchula Anasibeko akafuna kuphunzitsa ana awo aakazi kupirira, ndiye amve kuti ana awo awiri otsala, wina mphunzitsi wina wabizinesi, sakudziwa pamene anawaika? Agnes anati bwanji amange chachikulu chophimba mitumbira yonse iwiri. A Ackim anamufunsa ngati anaonapo chiliza cha anthu awiri osakhala pa ubale, mayi wamvano ndi chidakwa pansi pa mwala umodzi. Komanso kumanga pamanda a banja lina ndi mlandu wa kwa amfumu, ndipo kuti uzengedwe mpaka nkhani yonse iululike.

Agnes anawada achimwene ake madzulo amenewo, koma mawa lake anadzida yekha koposa. Anadzuka, anamanga chitenje, n'kutsika yekha njira ya kumtsinje osauza munthu. Anawoloka podumpha miyala, anakwera kutsidya, mpaka anaiona nyumba ya Anachisale, yaudzu, yopendekeka, mayiwo ali pabwalo akupeta nandolo. Pambali pawo panali amayi ena awiri atakhala pamphasa. Mmodzi mwa iwo Agnes anamudziwa: anali mnzake wa kusukulu, amene dzulo lake lomwelo anamuyamikira kuti ana a Anasibeko ndiye ana, ena akangoika maliro amaiwala. Agnes anaima kuseri kwa nthochi. Anakonza mawu m'kamwa, anawasintha, anawakonzanso. Mawu onse ankathera pamodzi, poti ine mwana wawo sindikudziwa. Anadziuza kuti abweranso alendowo akachoka. Anatembenuka n'kutsika, ndipo madzulo ake anakwera minibasi ya ku Zalewa ponena kuti katundu akuwola pabenchi. Safunsa anadya phula, akuluakulu ananena, koma phula la Agnes linali loti analiona ndi maso asanalidye.

Patatha masiku awiri a Ackim anamuimbira foni kuti a Kalisto akumbukira. Agnes anabwerera kumudzi kuti akaone yekha. Anawapeza a Kalisto atavala jekete la a Ackim lakale, lija ankavala popita kusukulu. Kumanda mkuluyo anakweza ndodo, ndipo Agnes anaiona ikuyendayenda m'malere pakati pa mitumbira iwiri ija isanagwere pa wa kum'mawa. Sanamuyang'ane aliyense kumaso. Anangoti ndi apa, n'kuvala chipewa asanatuluke n'komwe m'manda, chinthu chimene sanachitepo. Agnes anatsegula pakamwa, n'kuona nkhope ya achimwene ake, yotopa, yokalamba, yofanana ndi ya amayi awo pachipumi. Anatseka pakamwa. Anadzitonthoza kuti pa mitumbira iwiri, mwina mwayi ungawagwere.

Mmisiri anali munthu wa ntchito yake, wosafunsa zambiri. Anasalaza malo, anakumba maziko, anayala njerwa. Mchenga ndi simenti ankakandira pambali pomwepo, pakamalo kena kolowa pansi ngati beseni, kamene anakayamikira kuti sikataya madzi. M'masiku asanu ndi limodzi chiliza chinaima, chamatailosi oyera, chotalika kufika m'chiuno, mwala wakuda uli kumutu ndi mawu akuti mayi wa mbumba, munagwira ntchito, pumulani. M'manda monsemo munalibe china chofanana nacho. Anachikuta ndi nsalu yoyera kudikira tsiku.

Tsikulo linafika ndi dzuwa la October. Magalimoto anaima mpaka kubwalo la mpira. Zidzukulu zija ankaziwerenga ngati nkhuku zinabwera ndi ana awo, ena ndi zidzukulu zawo, onse atavala nkhope ya Anasibeko pachifuwa ndi kumsana, moti kulikonse kumene Agnes ankayang'ana amayi ake ankamuyang'ana. Amvano anatsogola ndi nyimbo, anthu n'kudzaza mbali yatsopano yonse. A Ackim anawerenga mbiri ya malemu pa mapepala atatu. Anatchula njala, anatchula madengu a ku Lisungwi, anatchula ana asanu ndi awiri mayina awo mmodzimmodzi, ndipo pa dzina lachisanu mawu anawathera, n'kulira ngati mwana pamaso pa anthu amene anawaphunzitsa. Mdzukulu wina, amene tsopano ndi namwino, anasimba mmene agogo ake anamuberekera kumsana ali ndi zaka khumi, atathyoka mwendo, kuchoka kumudzi mpaka kuchipatala cha pa boma, iye miyendo ikukhukhuluza pansi chifukwa anali atawapitirira kale msinkhu. Anthu anaseka akupukuta misozi.

Abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa, amayi analulutira. Nkhata za maluwa zinaikidwa mpaka matailosi osaoneka. Agnes anaika yake, n'kubwerera chammbuyo kuti apatse ena malo. Anasamala kwambiri kuti asaponde mtumbira wachiwiri uja, ndipo ana akauyandikira ankawakoka pamkono. Anapeza poima pouma bwino, pamene mmisiri ankakandira simenti, pamene zotsalira zinauma n'kukhala chikhakha cholimba. Anaima pamenepo mpaka mwambo unatha. Misozi sinabwere. Ankangoyang'ana chilizacho n'kumafunsa mumtima kuti amayi, muli m'menemo kodi?

Anthu atayamba kutuluka kupita ku chakudya, anamva dzanja likumugwira pachigongono. Anali Anachisale, opanda nsapato, atavala chitenje chofwifwa pakati pa nsalu zatsopano zonse zija. Anapereka moni mwaulemu, anafunsa za ku Zalewa, anafunsa za ana. Anati iwo milungu yapitayi anali chigonere ndi mwendo, za kumanga anangomva, ndipo lero ndi tsiku loyamba kuchiona. Anayamikira kuti ndi chokongola. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, n'kudikira mpaka munthu womaliza atapitirira.

"Mayi, ndimati ndikhale chete, poti simenti yauma kale. Koma ndikakhala chete Mulungu andiona. Amene mwawamangirawa ndi achimwene anga a Gabriel."

Agnes anamva ngati makutu atsekeka.

"Ine sindikudandaula ayi," anapitiriza mayiwo. "Munthu uja sanagonepo m'nyumba ya simenti ali moyo. Mlandu sindikaimba, ndipo pakamwa panga simudzamva kanthu. Chisoni changa chili pa amayi anu. Anandisambitsira ana awiri amene ndinataya."

Agnes anakweza dzanja lolemera n'kuloza mtumbira wachiwiri uja, umene anakhala akuutchinjiriza tsiku lonse. Anafunsa ndi mawu osamveka bwino ngati ndi pamenepo. Anachisale anapukusa mutu. Anati ameneyo ndi munthu wina, anaikidwa chaka chotsatira a Kalisto ali m'chipatala ndi diso. Manda a Anasibeko analibenso mtumbira. Bokosi lija linali lalikulu, mkati muli mphako, ndiye litawola dothi linatitimira. Iwo chaka chilichonse akamalambula pa m'bale wawo ankapalirako ndi pamenepo, n'kumati eni ake akabwera adzawauza kuti awonjezere dothi. Koma eni ake sankabwera.

"Nanga ali pati?"

Anachisale sanaloze ndi chala. Anangotsitsa maso n'kuyang'ana mapazi a Agnes.

"Ndi apa mwaimapa, mayi."

Agnes anayang'ana pansi. Nsapato zake zatsopano zinali pakati pa chikhakha cha simenti, chotuwa, chokhala ndi mizere ya fosholo, chidindo cha jombo ya mmisiri chitaumira momwemo. Pambali panali thumba la simenti long'ambika ndi mabotolo awiri a madzi amene alendo anataya. Anafuna kukuwa, koma kunja kwa manda kunkamveka zidzukulu zikuseka, zikuitanizana kuti zijambulitse, ndi mawu a achimwene ake akulondolera alendo kokhala. Anadziwa pomwepo kuti sakawauza. Akawauza, chiliza sichingasamuke, mwala sungafufutike, ndipo anthu onsewa amene abwera kudzagoneka mtima adzabwerera ndi chilonda chimene iye yekha akanachiletsa tsiku lija kuseri kwa nthochi. Chaka chamawa ndi zaka zonse zotsatira mbumba ya Anasibeko idzabwera ndi maluwa kwa Gabriel, ndipo poika maluwawo idzaima pamenepa.

Anatsika pachikhakhacho pang'onopang'ono, n'kugwada m'mphepete mwake. Anatola mabotolo aja ndi thumba lija n'kuziika pambali. Kenaka analowetsa zala pansi pa simenti kuti aikanganule. Inali yokhuthala, yogwirana ndi dothi. Chikhadabo chinathyoka, magazi n'kutuluka, simenti osasuntha. Anachisale anagwada pambali pake mwendo wodwalawo atautambasula, nayesa nawo mbali ina, koma manja a amayi awiri sakanatha kanthu popanda khasu, ndipo khasu kumanda sililowa popanda kupempha kwa amfumu ndi kunena chifukwa chake.

Ali chigwadire choncho, mwana wake wamkazi Takondwa anabwera kudzamufuna, foni ili m'manja, poti chithunzi cha banja lonse chinkadikira iye. Atawaona amayi ake ali pansi, msana atalozetsa kuchiliza, anawamvera chisoni. Anaganiza kuti kulira kwawasokoneza mutu. Anawagwira m'khwapa mwachikondi, anawadzutsa, anawasansa fumbi m'mawondo, n'kuwatembenuza.

"Amama, mwasokera. Agogo ali uku."

Agnes anamutsatira, chala chotuluka magazi atachibisa m'nsalu.